BATIRE LA MTOVU KAPENA LA LITHIYAMU: TISANKHE LITI?

Mwezi ukakhala mu mdima, nyanja ya Niassa imadzala ndi nyali. Munthu woima pa gombe la Metangula, la Meluluca kapena la Cóbuè amaona ngati mudzi wina wamangidwa pamadzi. Amenewo ndi asodzi a usipa. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake. Usipa umatsata kuwala. Ukasonkhana, anzake amaponya chilimila, nakoka.

Kale nyali zimenezi zinali za palafini, zopopa. Lero asodzi ambiri ali ndi nyali za magetsi zotchedwa LED. Nyali zimenezi sizimwa palafini. Zimadya moto wa batire. Batire likatha pakati pa usiku, nyali zimazima ndipo usipa umabalalika. Gulu lonse limabwerera kumtunda chimanjamanja. Mafuta a injini apita pachabe. Amayi oyanika usipa pa thandala adikira pachabe.

Tsiku lina m'kalasi mwathu bambo wina anafunsa kuti: "Aphunzitsi, ku sitolo ndaona mabatire awiri. Lina ndi lolemera koma lotsika mtengo. Lina ndi lopepuka koma mtengo wake ndi wa mbuzi zingapo. Ndigule liti?"

Za nyanja mumadziwa ndinu, makolo athu. Ife timaphunzira kwa inu. Chimene tingathandize ndi kuwerenga zolembedwa pa batire ndi kuchita masamu. Tiyeni tichitire pamodzi.

1. MABATIRE AWIRI

Batire loyamba tonse tikulidziwa. Ndi lija la galimoto. M'kati mwake muli mtovu ndi madzi a asidi. Mtovu ndi womwe uja timamangirira ku chingwe cha mbedza kuti chimire. Ndi chifukwa chake batire limeneli limalemera. Analipanga koyamba ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859.

Batire lachiwiri ndi la lithiyamu. Lithiyamu ndi chitsulo chopepuka kuposa zitsulo zonse. Mabatire ake anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1991 ndi kampani ya Sony ya ku Japan. Ndi amene ali m'mafoni athu. Zina zopangira mabatire amenewa zimachokera kwathu kuno. Ku Bikita, m'dziko la Zimbabwe, amakumba lithiyamu. Ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado, m'chaka cha 2017 unayamba ntchito mgodi waukulu wa grafiti, mwala wakuda womwe uli m'kati mwa pensulo. Grafiti imalowanso m'batire la lithiyamu.

Mabatire a lithiyamu ali mitundu ingapo. Woyenera m'boti ndi wolembedwa LiFePO4. Mtundu umenewu sugwira moto msanga monga mitundu ina. Tilembe zilembo zimenezi m'kope: L, i, F, e, P, O ndi nambala 4.

2. TIWERENGE ZILEMBO ZA PA BATIRE

Safunsa anadya phula. Tisanafunse mtengo, tiyambe tawerenga pepala lomatidwa pa batire.

V ndi mphamvu imene batire limakankhira magetsi m'waya. Nyali zambiri za m'boti zimafuna 12 V. Pa batire la mtovu palembedwa 12 V. Pa la LiFePO4 palembedwa 12.8 V. Onse awiri amayatsa nyali zomwezo.

Ah ndi kukula kwa batire, monga kukula kwa mtsuko. Batire la 100 Ah limasunga moto wambiri kuposa la 50 Ah.

W walembedwa pa nyali. Amatiuza kadyedwe ka nyaliyo. Nyali ya 24 W imadya kawiri kuposa ya 12 W.

Pa mabatire a mtovu pali chinthu chinanso choti tione. Ena anapangidwa kuti azidzutsa injini. Amatulutsa mphamvu yambiri kwa kamphindi chabe, kenaka injini imawabwezera moto. Pa mabatire otere pamalembedwa CCA ndi nambala yaikulu. Batire lotere tikaliyatsira nyali usiku ndi usiku, limafa m'miyezi yowerengeka. Ena anapangidwa kuti azitulutsa moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Pa amenewa pamalembedwa deep cycle, kapena m'Chipwitikizi ciclo profundo. Amenewa ndiwo a nyali.

3. MASAMU A USIKU UMODZI

Tiyerekeze kuti siginala ali ndi nyali 4. Iliyonse ndi ya 12 W.

Nyali zonse pamodzi: 4 × 12 = 48 W.

Tigawe ndi mphamvu ya batire: 48 ÷ 12 = 4. Ndiye kuti ola lililonse nyali zikudya 4 Ah.

Nyali zikuyaka maola 8: 4 × 8 = 32 Ah.

Choncho usiku umodzi ukufuna 32 Ah. Kodi tigule batire la 32 Ah? Iyayi. Apa ndi pamene mabatire awiri aja asiyana.

Batire la mtovu lili ngati nkhokwe imene theka lake ndi mbewu. Timadya theka lokha. Tikamalimaliza moto wonse usiku uliwonse, silichedwa kufa. Tsono pa 32 Ah tikufuna batire lalikulu kawiri: 32 × 2 = 64. Tigula la 70 Ah.

Batire la lithiyamu limalola kuti tidye magawo 8 pa magawo 10 popanda kulivulaza. Batire la 40 Ah likutipatsa 32 Ah. Koma usiku wina usipa umachedwa. Ndi bwino kugula la 50 Ah kuti pakhale potsala.

Taonani: batire la lithiyamu la 50 Ah likugwira ntchito yomwe ikugwiridwa ndi la mtovu la 70 Ah. Amene angoyerekeza manambala a pa pepala osachita masamu, akhoza kunyengeka.

4. MASAMU A NDALAMA

Batire lililonse lili ndi masiku ake. Kulidzaza ndi kuligwiritsa ntchito usiku umodzi tikutcha ulendo umodzi. Batire la mtovu la deep cycle, losamalidwa bwino, limayenda maulendo mazana angapo. Batire labwino la LiFePO4 limapitirira maulendo 2000.

Mitengo imasintha, ndipo ya ku Lichinga si ya ku Metangula. Manambala otsatirawa ndi ongophunzirira. Aliyense adzaikepo mtengo umene waupeza ku sitolo.

Batire la mtovu: 6000 meticais, maulendo 400.
6000 ÷ 400 = 15 meticais pa usiku.

Batire la lithiyamu: 18000 meticais, maulendo 2000.
18000 ÷ 2000 = 9 meticais pa usiku.

Lodula pa tsiku logula lakhala lotsika mtengo pa usiku uliwonse. Koma masamu sanathe. Mwezi ukawala nyali sizikoka usipa. Mwera ukawomba maboti sachoka pa gombe. Tiyerekeze kuti msodzi amapita kunyanja masiku 20 pa mwezi, ndiye kuti 240 pa chaka. Kuti batire la lithiyamu lifanane mtengo ndi la mtovu, liyenera kuyenda maulendo angati?

18000 ÷ 15 = 1200.
1200 ÷ 240 = zaka 5.

Ndiye kuti phindu la lithiyamu likuyamba kuoneka patapita zaka 5. Likabedwa kapena likamira chaka choyamba chitangotha, masamu akhala otere: 18000 ÷ 240 = 75 meticais pa usiku. Msodziyo wataya kwambiri kuposa mnzake wa mtovu.

Tisaiwale kuwonjezera mtengo wa tchaja. Lithiyamu imafuna tchaja chake. Ngati timadzaza ndi sola, kabokosi kolamulira moto wa sola kakhale kovomereza LiFePO4.

5. ZINA ZOTI TIGANIZIRE

Kulemera. Batire la mtovu la 100 Ah limalemera makilogalamu 25 mpaka 30. Ndowa yodzala ya malita 20 ndi yopepuka poliyerekeza. La lithiyamu la 100 Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 12. M'boti lalikulu la matabwa kusiyana kumeneku si kanthu. M'bwato wa siginala, mafunde akakula, ndi nkhani yaikulu. Ndi nkhaninso kwa mnyamata amene amasenza batire m'mawa uliwonse kupita kotchajitsa.

Kudzaza. Batire la mtovu limadzala pang'onopang'ono, ndipo limafuna kudzala lonse tsiku lomwelo. Tikalisiya lopanda moto masiku angapo, mtovu wa m'kati umachita nkhanambo zoyera zosachoka, ndipo batire limachepa mphamvu. Nthawi ya dzinja, mitambo ikaphimba dzuwa, mabatire ambiri a mtovu amafa motero. La lithiyamu limadzala msanga, ndipo silivulala likadzala theka.

Kuchenjeza. Batire la mtovu likamatha, nyali zambiri zimayamba kuzilala. Siginala amaona nadziwa kuti nthawi yatha. Kachipangizo koyezera V kamatiuzanso. Batire litapuma, 12.6 ndi lodzala, 12.2 ndi theka. La lithiyamu silichenjeza. Nyali zimawala bwinobwino mpaka kumapeto, kenaka zimangoti zii. M'kati mwake muli kabokosi kotchedwa BMS. Ntchito yake ndi kudula magetsi batire lisanavulale. Motero wogula lithiyamu agulenso kachipangizo kosonyeza moto wotsala, ndipo asachoke pa gombe wopanda tochi.

Kudzutsa injini. Injini zing'onozing'ono timadzutsa ndi chingwe, sizifuna batire. Injini yodzutsa ndi kiyi ikhale ndi batire lake la mtovu, lija la CCA. Nyali zisadye batire la injini. Ndiponso tisalumikize batire la mtovu ndi la lithiyamu pa waya mmodzi.

Kukonza. Batire la mtovu amalidziwa makaniko aliyense, ndipo limapezeka pafupi. BMS ikafa, wokonza angakhale kutali. Pogula lithiyamu tifunse kuti: "Likafa ndibwere kwa yani?" Titenge lisiti ndi pepala la chitsimikizo, tiwerenge zaka zolembedwapo, tisunge pouma.

6. TIPEWE NGOZI

Asidi wa m'batire la mtovu amawotcha khungu, amaboola zovala, ndipo akhoza kuchititsa khungu akagwera m'maso. Akatigwera, titsuke ndi madzi ambiri nthawi yaitali. Ngati ndi m'maso, tikatsuka tithamangire ku chipatala.

Batire la mtovu likamadzala limatulutsa mpweya wosaoneka umene umaphulika. Tidzazire pamalo popita mphepo. Fodya, machesi ndi koloboyi zikhale kutali.

Madzi akachepa m'batire lokhala ndi zitsekerero, tithire madzi a batire ogula. Madzi a m'nyanja kapena a pachitsime amaliwononga.

Batire la lithiyamu lisaboledwe, lisagwetsedwe, lisakhale m'madzi a pansi pa boti. Tilikhazike m'bokosi lokwezeka ndi kulimanga. Likatupa kapena likatentha kwambiri, tilichotse m'nyumba ndi kuliika patali pa mchenga.

Tichenjere ndi mabatire olumikiza pamanja kuchokera ku timabatire takale ta makompyuta. Amaoneka bwino kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri alibe BMS yodalirika, ndipo akhoza kuyaka pakati pa nyanja.

Mabatire onse awiri amadana ndi kutentha. Masana akhale pamthunzi. Pafupi ndi batire tiikepo fyuzi, kuti mawaya akagundana boti lisapse.

Batire lakufa lisatayidwe m'nyanja kapena kudzala. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, chifukwa umawononga ubongo. Tisaliphwanye kuti tisungunule mtovu wa mbedza pafupi ndi pophikira. Tilipereke kwa ogula mabatire akale. Mbali yathu ya nyanja inaikidwa kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 2011. Madzi ake ndi omwe timamwa.

7. TSONO TISANKHE LITI?

Bambo uja tinamuyankha ndi mafunso anayi. Kodi mumapita kunyanja masiku angati pa mwezi? Kodi muli ndi malo osungira batire otsekeka bwino? Kodi ndalama yogulira ndi yanu kapena ya ngongole? Kodi wogulitsa akukupatsani pepala la chitsimikizo?

Amene amasodza mwa apo ndi apo, kapena amene akuyenera kukongola ndalama ya chiwongoladzanja chachikulu, agule batire la mtovu la deep cycle. Alidye theka lokha, alidzaze tsiku lomwelo. Lidzamutumikira.

Amene amasodza mdima uliwonse chaka chonse, amadzaza ndi sola, ndipo ali ndi posungira pabwino, lithiyamu idzamubwezera ndalama yake. Asodzi a gulu limodzi akhoza kusonkherana. Akatero alembe m'kope amene wapereka, ndalama imene wapereka, ndi amene adzasunga batire.

Bamboyo anabwera tsiku lotsatira ndi manambala a pa nyali zake atawalemba pa chikatoni. Masamu anachita yekha pa bolodi.

TIKAMBIRANE

1. Kodi V, Ah ndi W zikutiuza chiyani?
2. Chifukwa chiyani batire la galimoto silikhalitsa pa nyali?
3. Ndi batire liti limene limazima osachenjeza? Tichite chiyani?
4. M'mudzi mwathu mabatire akufa amapita kuti?

TIWERENGERE

Siginala ali ndi nyali 3 za 20 W. Zimayaka maola 6. Batire ndi la 12 V. Usiku umodzi ukufuna ma Ah angati? Ngati agula la mtovu, likhale la ma Ah angati?

TILEMBE

batire, mtovu, nyali, usipa, chilimila, mtengo, lisiti