Wilo likayamba kulira musakweze wailesi

Pali kulira kwina kwa motoka kumene ambiri a ife muno mu Livingstone timakumva koma timacita ngati sitinamve. Kumayamba pang'ono, ngati njuci zili patali, ndipo kumakula pamene liwiro likukwera. Woyendetsa amangokweza wailesi, nati tidzaona tikagulitsa cimanga. Nthawi zambiri colira ndi bearing ya wilo, kacitsulo kokwana m'dzanja kamene kamanyamula katundu yense ndi anthu onse ali m'motokamo. Ikatheratu imatentha, wilo n'kugwira mwadzidzidzi kapena kuguluka ndithu. Taganizani zimenezi zikucitika pa msewu wa T1 pakati pa Zimba ndi Kalomo, kumbuyo kuli kwaya ya parishi kapena matumba a feteleza.

Dziko lathu lino silicitira cifundo mabearing. Njira zopita ku Mukuni, ku Simonga ndi kumidzi ya ku Kazungula n'zamcenga, ndipo mcenga ukalowa mu girizi umapera citsulo ngati mwala wonolera. Mabowo a m'misewu nawo amamenya bearing ngati nyundo, ndipo amene ankayenda pa msewu wa ku Zimba m'zaka za m'ma 2000 usanakonzedwe akukumbukira bwino. Koma mdani wamkulu ndi madzi. Wilo likatentha paulendo, kenaka inu n'kulowetsa motoka m'kamtsinje kodzaza nthawi ya mvula, citsulo cimazirala mofulumira ndi kukokera madzi m'kati kupyola pa seal. Pakatha masabata angapo dzimbiri layamba. Cotsiriza ndi ife eni, ndi cizolowezi cathu cokweza matumba makumi awiri pa kavani kamene kanapangidwira khumi.

Musanamasule nati iliyonse, yambani mwamvetsera, pakuti si kulira konse kumene kuli kwa bearing. Pezani msewu wowongoka wopanda anthu ndi ng'ombe. Yendani pa liwiro limene phokoso limamveka, ndipo cotsani phazi pa mafuta. Injini ikatsika mawu koma kulira kuja n'kukhalabe cimodzimodzi, ndiye kuti vuto si injini, lili kumawilo. Tsopano pindani siteringi pang'ono kumanzere, kenaka kumanja. Motoka ikapindira kumanzere kulemera kumapita kumawilo a kumanja, conco phokoso likakula pamenepo, kawirikawiri yodwala ndi bearing ya kumanja. Likakula popindira kumanja, yang'anani kumanzere.

Tayala lotha mosalingana limaliranso mofanana, ndipo lanyenga anthu ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kulira kwa tayala kumasintha mukacoka pa tala wosalala kupita pa wokhakhala. Sisitani dzanja pa tayala: mukamva mabampu ngati mano a sowo, sinthanitsani matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, muone ngati phokoso lasamuka nalo. Kumveka kwa "ka-ka-ka" pokhota kwambiri, monga potuluka pa geti ya chalichi, ndi CV joint. Kulira kosongoka kumene kumaleka kapena kusintha mukaponda buleki ndi mabuleki.

Mukafika kunyumba kwezani wilo ndi jeke. Apa tikufuna kunena mwamphamvu. Jeke ndi yokwezera cabe, si yogonera pansi pake. Ndiponso musatsamiritse motoka pa njerwa kapena mabuloko a simenti, cifukwa amasweka osacenjeza. Ikani masitandi acitsulo, kapena zidutswa zonenepa za mtengo wolimba monga mukusi, umene kuno sitiusowa, ndipo tsekerani mawilo otsalawo ndi miyala. Pa mcenga yalani thabwa pansi pa jeke.

Gwirani tayala dzanja lina pamwamba lina pansi, mugwedeze. Likamagwedera, uzani mnzanu aponde buleki, inu mugwedezenso. Kugwederako kukatha, ndi bearing. Kukapitirira, yang'anani ball joint. Kenaka zungulitsani wilo ndi dzanja, dzanja lina litagwira sipuling'i. Bearing yabwino imayenda mwakacetecete, yakutha mumaimva m'zala ikukhakhala ngati mphero yopanda cimanga. Dziwani kuti mabearing a motoka zatsopano amatha kulira kwambiri koma osagwedera konse, conco kusagwedera si umboni wakuti zonse zili bwino.

Nanga kusintha kunyumba n'kotheka? Zimatengera mtundu wa motoka. Pa maCorolla, amene adzaza m'tauni muno, bearing ya kutsogolo ndi yotsekedwa ndipo imalowetsedwa ndi makina a press. Ya kumbuyo kwa Hilux nayonso imafuna press. Ife tinene mosabisa kuti kuimenya ndi hamala ndi kutaya ndalama, pakuti imavulala m'kati isanayende ngakhale kilomita imodzi. Cimene mungacite ndi kumasula cigawo conseco, kupita naco kwa makanika amene ali ndi press, ndi kulipira nchito yokhayo. Motoka zambiri za m'ma 2000 kudza kuno zili ndi hub ya kumbuyo yomangidwa ndi mabauti anayi. Imeneyo njosavuta: kumasula yakale, kupala dzimbiri, kumanga yatsopano, kusamala waya wa ABS kuti usaduke.

Mtundu umene mlimi aliyense ayenera kuudziwa ndi wa mabearing awiri osongoka, wa m'kati ndi wa kunja, omangidwa ndi nati imodzi. Umapezeka kutsogolo kwa mavani ndi malole ang'ono ambiri akale, pa matirela, ndi pa ngolo zambiri za ng'ombe zimene zinamangidwa pa ekiselo ya motoka yakufa. Sizodabwitsa kuti imayenerana ndi ngolo, pakuti Henry Timken, amene analembetsa luso limeneli ku America mu 1898, anali wopanga ngolo zokokedwa ndi akavalo.

Cotsani kapu ya pakati, wongolani split pin ndi kuisolola, masulani nati, ndipo washala ndi bearing ya kunja zidzatuluka. Kokani hub, mucotse seal ya kumbuyo ndi bearing ya m'kati. Zonse muziike pa nsalu yoyera motsatana monga zatulukira, osati pansi pa mcenga. M'kati mwa hub muli mphete ziwiri zacitsulo zimene mabearing amayendapo. Ambiri amazisiya cifukwa n'zovuta kutulutsa, koma bearing yatsopano pa mphete yakale siikhalitsa. Zigogodeni kucokera kumbuyo, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, ndipo polowetsa zatsopano ikani yakale pamwamba kuti hamala isakhudze yatsopanoyo, mpaka mawu a citsulo asinthe kusonyeza kuti yakhala pansi.

Tsukani hub ndi parafini, iume. Girizi ikhale ya mabearing a mawilo yopirira kutentha, ndipo musasakanize mitundu iwiri. Ikani girizi pacikhatho, muzikanikizira bearing pamenepo mpaka girizi itulukire mbali inayo kuzungulira konse. Kupaka pamwamba pokha n'kudzinyenga. Seal ikhale yatsopano nthawi zonse.

Pomanga nati ndi pamene nchito yambiri imaonongekera, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mangani ndi sipanala mukuzungulitsa hub kuti zonse zikhale m'malo, kenaka bwezani nati mpaka imasuke, mumangenso ndi zala cabe kufikira kugwedera kutangotha. Wilo lizizungulira momasuka. Nati yothina kwambiri imaocha bearing musanafike ku Kazungula. Ngati muli ndi buku la motoka yanu, tsatirani muyeso wake. Tsekani ndi split pin yatsopano. Msomali wopinda, umene timauona kawirikawiri pa ngolo ndi pa matirela, suyenera kukhala pamenepo.

Pogula, nyamulani bearing yakale, pakuti nambala yake inadindidwa m'mphepete ndipo ndiyo yokha yosanama. Maina odziwika ndi Koyo, NSK, NTN, SKF ndi Timken, koma zabodza zonyamula maina omwewa zilipo pamsika. Mtengo ukatsika modabwitsa, kapena zilembo zikakhala zosaoneka bwino, isiyeni.

Mukatha, yendani makilomita khumi osaponda mabuleki kwambiri, muime ndi kuyandikiza dzanja pakati pa wilo. Kufunda n'kwabwino, koma kukaocha bwererani mukamasule nati pang'ono. Pakatha makilomita 50 mangitsaninso manati a wilo. A m'makomiti a parishi amene amasunga motoka ya mpingo alembe tsiku ndi makilomita m'buku, ndipo kuyesa kogwedeza wilo kuja kucitike mvula ikangotha, osadikira tsiku lopita kwa a RTSA kukatenga fitness.