Mseu wa Kum'mawa: Kucokera ku Migodi Kufika ku Chipata

 Masiku apitawa ndinalandira kalata ya bambo wina wogwira nchito pansi pa mgodi, amene kwao ndi ku Katete. Iye ati ana ace atatu anabadwira m'tauni, ndipo sanapondepo pa mudzi wa agogo ao. Caka cino afuna kupita nao pa chuthi, koma mwana wamkulu, ataona mapu ku sukulu, anafunsa funso limene linawasowetsa atate ace poyankha. Anati: nanga munthu wopita kum'mawa ayambiranji kuyenda theka la tsiku kulinga kumwera? Usiku uno ndifuna kumyankha mwanayo, ndiponso kuuza atate ace malo oyenera kuimapo ndi zakudya za m'njira, kuti anawo angakafike kumudzi osadziwa dziko limene adutsamo.

Mwanayo sananame. Mbalame youluka molunjika kucokera ku Kitwe kufika ku Chipata siyenda makilomita oposa 500. Koma munthu wa pa galimoto ayenda oposa 900: ngati 360 kufika ku Lusaka, ndi ena ngati 570 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata. Colepheretsa coyamba ndi malire. Kum'mawa kwa Ndola dziko la Congo lalowa pakati pa dziko lathu monga cala colowa mu nsima, kotero kuti wolunjika kum'mawa apezeka ali m'dziko la eni. Colepheretsa caciwiri, cimene ciri cacikuru, ndi cigwa ca Luangwa. Munthu akapyola Serenje kapena Mkushi, dziko limatsetsereka mwadzidzidzi pa mapiri a Muchinga, ndipo pansi pace pali cigwa cotentha, ca nyama ndi nchenche za kashembe, kumene mtsinje umasefukira pa dzinja ndi kusintha njira yace. Pa malo otere mseu subvuta kulima kokha, komanso ubvuta kusunga. Tsono olima mseu anafuna malo akumunsi, pamene mapiri aupanikiza mtsinje, kuti ulalo ukhale pa miyala yolimba. Ndipo malowo ali kum'mawa kwa Lusaka. Onjezanipo kuti njanje inayamba kufika mseu usanabwere: inafika ku Kabwe m'caka ca 1906 ndi ku Ndola m'caka ca 1909, ndipo matauni anamera motsata iyo. Mseu unangolondola matauniwo.

Mseu wa kum'mawa usanalimidwe, katundu ndi makalata a ku Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, anali kudzera ku Nyasaland ndi ku Tete. Agogo athu ofuna nchito ku migodi anali kuyenda pansi masabata angapo, ufa pamutu, kugona m'thengo pafupi ndi moto. Ana aja muwauze zimenezi pamene ayamba kudandaula kuti mpando wa basi ndi wouma.

Wokhala ndi galimoto, kapena mabanja awiri obwereka imodzi, apatule masiku atatu. Wa pa basi sangaime pamene afuna, koma angathe kugona ku Lusaka ndi kutsikanso pa malo amodzi kapena awiri a m'njira.

Pakati pa Kitwe ndi Ndola pali njira yopatuka yopita pa malo pamene ndege ya Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa United Nations, inagwa mu September 1961. Iye anali kudza ku Ndola kudzakamba za nkhondo ya ku Katanga, ndipo anthu onse 16 a m'ndegemo anafa. Pamalopo pali mwala wa cikumbutso pakati pa mitengo. Ambiri a inu mwadutsa pa mphambano imeneyo kwa zaka zambiri osapatuka, ndipo ine ndemwe ndinali mmodzi wa otero.

Kucoka ku Ndola mseu uli ndi malole ambiri onyamula mkuwa, ndipo woyendetsa afunika kuleza mtima. Cakudya ca cigawo cino cisintha ndi nyengo. Pa dzinja ana ndi amai aimika mbale za bowa m'mbali mwa mseu, pamodzi ndi uja wochedwa tente. Gulani kwa anthu a pamalopo amene audziwa, musazule nokha m'thengo. M'nyengo ya masika ndi ya cisanu pali milu ya kandolo, uci wa m'mabotolo, ndi munkoyo wozizira. Pa Kapiri Mposhi mpomwe pathera njanje ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860 kufika ku Dar es Salaam, imene anthu a ku China anathandiza kumanga kuyambira 1970 kufikira 1975.

Ku Kabwe imani ndithu, pakuti inu a ku migodi muli ndi cibale ndi tauni imeneyi. Kale inali kuchedwa Broken Hill, ndipo mgodi wace wa mtobvu ndi zinki ndi wakale kuposa migodi yaikuru ya mkuwa imene mugwiramo nchito. M'caka ca 1921 anthu okumba m'mgodimo anapeza cigaza ca munthu wakalekale, ca mphumi yokhuthala, cimene akatswiri ati cakhala zaka ngati 300,000. Cigazaco anacitengera ku London, ndipo boma lathu lakhala likupempha kuti cibwerere. Mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994, koma unasiya mtobvu m'dothi, umene umalowa m'magazi a ana ndi kuwaononga nzeru. Cifukwa cace pumulani pansi pa mkuyu waukuru uja wa pakati pa tauni, pamene apaulendo akale anali kusonkhana, koma ana asasewere m'pfumbi la kufupi ndi milu ya mgodi.

Za Lusaka sindinena zambiri, popeza mumdziwa. Anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935 m'malo mwa Livingstone. Mukakhala ndi madzulo aufulu, pitani nao ana ku Chilenje akaone nyumba ya nambala 394 m'mene munali kukhala a Kenneth Kaunda kuyambira 1960 kufikira 1962. Adzadabwa ndi kucepa kwace. Gonani msanga, mudzaze mafuta ndi madzi, ndipo munyamuke tambala woyamba atalira, kuti mapiri muwadutse dzuwa lisanapse.

Mukapyola Chongwe muli m'dziko la Asoli. Pafupi pomwepo pali Chalimbana, pamene panali sukulu yochuka ya aphunzitsi, ndipo dzina lomwelo ndilo la nsawa zija zazikuruzikuru zimene alimi a kum'mawa anyadira nazo. Patsogolo pace, m'dera la Rufunsa, pali Chinyunyu, pamene madzi otentha atumphuka pansi pafupi ndi mseu. Ana adzafunsa amene asonkha moto. Muwauze kuti madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya miyala kufika pansi penipeni pamene miyala iri yotentha, ndipo atatenthedwa amakwera ndi ming'alu ina. Inu ogwira nchito pansi mudziwa kale kuti mgodi ukamka nuzama kutentha kumakulanso. M'mamawa wa cisanu nthunzi ioneka patali. Malowo anthu a kumeneko amawalemekeza, tsono musatayepo zinyalala, ndipo mwana asapise dzanja pa kasupe penipeni.

Tsopano tafika pa cigawo cimene ndifuna kuti mucimvetse bwino. Lusaka ali pamwamba, mamita ngati 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, koma ulalo wa Luangwa uli pansi pa mamita 500. Kutsika konseku kucitika m'mapiri, makamaka pa Manenekela, pamene mseu ukhotakhota, phiri mbali iyi, phompho mbali iyo. Malo amenewa adya anthu ambiri. Woyendetsa wanzeru atsika ndi giya yaing'ono. Wodalira mabuleki okha amawatentha, ndipo akatentha sagwiranso. Ine tsiku lina ndinakwera basi imene mabuleki ace anayamba kununkha pa mtsetse umenewo. Woyendetsa anafuna kupitirira, koma amai ena okalamba anaimirira nati, "Mwananga, imika, ife sitithamangira maliro athu." Tinakhala pa mthunzi ola lathunthu, ena akung'ung'udza, ndipo tinafika tonse. Musapyole galimoto inzanu pokhota, ndipo musadutse pano usiku ngati mungathe kupewa. Koma masana, mukaima pa malo otakasuka, mudzaona mapiri ogundana kufikira kumene maso alekeza, ndipo mitengo isintha pamaso panu: misuku itsala kumwamba, milambe iyamba kuoneka, ndi mphepo isanduka yofunda.

Musanaoloke ulalo pali msika, makilomita ngati 230 kucokera ku Lusaka, ndipo pano mpamene galimoto zonse zipumira. Pali nsomba zowamba ndi zouma zoyalidwa pa mathandala, milamba yopindidwa, nsomba zokazinga zodyera pomwepo ndi nsima, madengu, mphasa, zipewa za mlaza, malambe, ndi masau pa nyengo yace ya cisanu. Masauwo ndi tizipatso towawasa ta m'cigwa. Ana a m'tauni ayamba akwinya nkhope, kenaka sasiya. Pogula nsomba youma ya kukapatsa apongozi musayang'ane kukula kokha. Inunkhizeni, ipindeni pang'ono, muyang'ane m'mutu ndi m'mimba ngati mulibe tizirombo. Youma bwino ndi yopepuka ndipo siinyowa m'manja. Kutsatsa malonda nkololedwa, koma kumbukirani kuti amai amene akugulitsaniwo akhala pa dzuwa limene inu simungalipirire ola limodzi.

Ulalo woyamba pano unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi ndalama za Beit Trust. Umene muolokapo lero, wopacikidwa pa zingwe zacitsulo zocokera pa nsanamira ziwiri zazitali, unatsegulidwa m'caka ca 1968. Popeza palibe njanje yocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, cimanga, thonje, fodya ndi anthu a cigawo conse ca kum'mawa adalira ulalo umodzi umenewu. Ndico cifukwa cace umalondedwa, ndipo musaujambule musanapemphe. Pafupi ndi msika pali njira yopita kumwera ku boma la Luangwa, kale Feira, pamene Luangwa athira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Kufupi ndi kumeneko ndiko Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Mwana wa Cingoni ayenera kulozeredwa njira imeneyo, ngakhale simupatukako.

Mukaoloka, mwalowa m'cigawo ca kum'mawa, ndipo mseu ukweranso kudzera ku Kacholola. Apa pali cinthu cimene ndikonda kucita ndi ana pa ulendo uno: kuchera khutu ku liu limodzi lokha. Ku Kitwe anthu ati "nomba", ku Lusaka ati "manje", pano pa Ansenga mudzamva "lomba", ndipo pofika ku Katete mudzamva "tsopano". Mwana amene azindikira zimenezi yekha sadzasekanso kalankhulidwe ka agogo ace.

Nyimba ndi kwao kwa nthoci. Basi isanaime n'komwe, mikoko yafika kale pa mazenera, ndipo mtengo wace udzakukwiyitsani mukakumbukira umene mulipira ku Chisokone. Petauke ali pambali pang'ono pa mseu waukuru, m'dziko la a Kalindawalo, ndipo ndi malo abwino ogonapo usiku waciwiri. Kuyambira pano kufika ku Sinda muli m'minda ya nsawa ndi thonje. Funsani nsima ya ndiwo zotendera, kaya ciwawa kaya kacesa, pamodzi ndi nkhuku ya kumudzi, ndipo mumwere thobwa. Itatha nyengo yokolola, anyamata aimika mbewa zophika ndi kuumika, zopanidwa pa timitengo. Ndidziwa kuti anzathu a Cibemba pa mgodi amatiseka nazo, monga ifenso tiwaseka ndi nyani. Cimeneco ndi cimbuya, ndipo sicinaletsepo munthu kudya. Mbewa ya m'munda siiri khoswe wa m'nyumba. Mwana alaweko, akakana musamkakamize.

Bambo wa kalata uja atsikira pa Katete, pansi pa mapiri a Mphangwe. Akadza kumapeto kwa August adzapeza Kulamba ku Mkaika, pamene mafumu a Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique adza kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamlemekeza m'caka ca 2005, abvinidwa poyera. Pa Katete pomwepo pali cipatala ca St Francis, ndi njira yopita ku malire a Chanida ndi ku Tete.

Otsala m'galimoto ali ndi makilomita ena ngati 85. Musanafike ku Chipata mudutsa pafupi ndi Mtenguleni, pamene Nc'wala icitika kumapeto kwa February, Nkosi ya Makosi Mpezeni nalawa zipatso zoyamba za m'munda. Mwambowu unazima Angoni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, ndipo unadzukanso m'caka ca 1980. Chipata mwini ali m'cigwa cozingidwa ndi mapiri; anali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndipo anakwezedwa kukhala mzinda m'caka ca 2017. Mudzamzindikira ndi njinga, zonyamula anthu, makala, mbuzi ndi matumba a nsawa. Kucoka apa njira zigawikana: ina ku Lundazi, ina ku Mfuwe kumene kuli nyama za m'cigwa ca Luangwa, ina ku malire a Mwami ndi ku Lilongwe.

Bambo wa ku Katete, mundilemberenso mukabwerako, mundiuze cimene mwana wamkulu uja ananena ataona ulalo. Gonani bwino nonsenu.