Tetezani nkhope ndi mano a mwana wanu pamasewera

Mwana wanu akamakankha chikopa pamchenga ku Makawa, ku Malindi kapena ku Monkey Bay, mwina mumadera nkhawa miyendo yokha. Komatu chigongono cha mnzake, mutu kapena mpira zikamugunda kumaso, dzino likhoza kuguluka ndipo diso likhoza kuvulala. Dzino lachikulire likapita silimeranso.

Zotetezera zimathandiza bwanji?

M'masewera a mpira wolimba, monga kiriketi ndi baseball, womenya mpira amavala chipewa cholimba chokhala ndi timawaya kapena pulasitiki kutsogolo. Mpira wa baseball umalemera pafupifupi magalamu 145, wa kiriketi wa akuluakulu pafupifupi 160. Chotchingacho chimaimitsa mpira usanafike pamphuno, pakamwa kapena m'maso. Kafukufuku wa ana osewera baseball ku America, amene adatuluka mu 2003, adapeza kuti chotchinga kumaso chimachepetsa ngozi yovulala nkhope ndi 35 pa 100 aliyense.

Ngati kusukulu kwa mwana wanu kwafika masewera otere, yang'anani zinthu ziwiri. Chipewa chimukwane, chisagwedere akapukusa mutu. Mpata wa pakati pa chipewa ndi timawaya ukhale waung'ono moti mpira sungalowe.

Ana ambiri kuno kunyanja amasewera mpira wamiyendo ndi wamanja, momwe chipewa sichiloledwa. Iwowa chimawathandiza ndi chotetezera mano, chonga chija amaluma ankhonya. China mumachiviika m'madzi otentha kuti chifewe, chikazizirako mwana n'kuchiluma kuti chitenge maonekedwe a mano ake. Asamabwerekane, ndipo muzichisintha akamakula.

Dzino likaguluka

Apa mukulimbana ndi nthawi. Muzu wa dzino uli ndi timinofu tamoyo tomwe timathandiza kuti ligwirenso. Timinofuti timafa dzino likakhala louma pafupifupi ola limodzi.

1. Tolani dzinolo pogwira mbali yotafunira, osakhudza muzu.
2. Ngati lili ndi mchenga, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera. Osalikwecha, osalipaka sopo.
3. Libwezereni pamalo pake, ndipo mwana alume kansalu koyera kuti lisasunthe.
4. Zikakanika, liikeni m'kapu ya mkaka wopanda shuga, kapena m'malovu a mwanayo amene walavulira m'kabotolo. Musalikulunge m'pepala kapena kulisunga m'madzi.
5. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Izi n'za mano achikulire okha. Akutsogolo akumwamba amamera mwana ali ndi zaka 7 kapena 8. Dzino laubwana musalibwezere, chifukwa mungawononge lomwe likukula mkati mwa nkhama.

Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Malawi adayamba kuphunzitsa ake mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa KUHeS. N'chifukwa chake zomwe mwachita pabwalo pomwepo zili ndi phindu lalikulu. Mukafika kuchipatala chaching'ono, pemphani kuti akutumizeni kwa a mano, monga kuchipatala chachikulu cha boma la Mangochi.

Mphuno, diso ndi mutu

Akatuluka kamfuno, aweramire kutsogolo ndipo mutsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 mpaka 15. Kumugoneka chagada kumangochititsa kuti ameze magazi.

Diso likamenyedwa, asalitikite. Musathiremo mankhwala azitsamba, mkaka wa m'mawere kapena china chilichonse. Liphimbeni osadinikiza, n'kupita naye kuchipatala.

Ngati wakomoka, akusanza, akusinza mosadziwika bwino, akuona zinthu ziwiriziwiri kapena mano sakulumana bwino, mwina ubongo kapena nsagwada zavulala. Asabwererenso m'bwalo ngakhale anzake amuchemerere bwanji, ndipo musadikire kuti kuche. Aphunzitsi amasewera, auzeni ana malangizowa masewera asanayambe, chifukwa ngozi ikachitika kawirikawiri pamakhala anzake okhaokha.