Zidutswa za ndege ya Samora Machel ku Mbuzini

Ku Mbuzini, m'mapiri a Lebombo ku South Africa, pafupi ndi malire a Mozambique ndi Eswatini, kukusungidwa zidutswa za ndege ya Tupolev Tu-134 imene inagwa usiku wa pa 19 Okutobala 1986. M'ndegemo munali mtsogoleri wa Mozambique, Samora Machel, akuchokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia. Anthu 35 anamwalira, kuphatikizapo Machelyo.

Nthawiyo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inali itafika povuta, ndipo Malawi anakodwamo. Pa 11 Seputembala chaka chomwecho, Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzachenjeza Kamuzu Banda kuti aleke kuthandiza Renamo, mlandu umene boma la Malawi linkaukana. Ndege itagwa, achinyamata okwiya anaphwanya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Maputo.

Chimene chinagwetsa ndegeyo anthu amatsutsanabe. Komiti ya jaji Cecil Margo ya ku South Africa inaloza chala oyendetsa ndege. Akatswiri a ku Soviet Union anakana, nati ndegeyo inasocheretsedwa dala ndi chipangizo chonyenga chotumiza zizindikiro za wayilesi. Pamene mlandu sunathe chonchi, chitsulo chilichonse chotsala ndi mboni yosayenera kutayidwa.

Malo achikumbutso a ku Mbuzini anawakonza ndi José Forjaz, ndipo Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano anawatsegula pa 19 Januwale 1999. Pamene ndege inagwera pali mapaipi achitsulo 35, kuyimira aliyense wa omwalira, ndipo amalira mphepo ikamaomba. Zidutswa zopindikapindika za ndege zili pomwepo, poti aliyense azione.

Nkhondo ya ku Mozambique yomweyo inaphanso Amalawi m'mlengalenga. Pa 6 Novembala 1987 ndege ya Skyvan ya Air Malawi, yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, inawomberedwa pafupi ndi Ulongwe m'chigawo cha Tete, ndipo anthu 10 anafa. Ana a sukulu a ku Ndirande, Zingwangwa ndi Bangwe amapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri, yotsegulidwa mu 1966, kukaona sitima yakale ya pamtunda ndi zipangizo za makolo. Mbiri ya ndege ya ku Ulongwe, pamodzi ndi maina a anthu 10 aja, iyenera kupatsidwa malo oonekera m'nyumba imeneyi.