Mamendulo a nkhondo a ku Germany: mmene enieni amasiyanirana ndi achinyengo

Pa mamendulo onse a usilikali a ku Germany, wodziwika kwambiri ndi Mtanda wa Chitsulo, umene eni ake amautcha Eisernes Kreuz. Ndi mtanda wakuda wokhala ndi mkombero wowala ngati siliva. Mfumu Friedrich Wilhelm III ya ku Prussia ndi imene inauyambitsa mu 1813, pa nkhondo yolimbana ndi Napoleon, ndipo maonekedwe ake anawakonza ndi Karl Friedrich Schinkel. Mtandawu unkaperekedwa pa nthawi ya nkhondo yokha, choncho unadzutsidwanso mu 1870, mu 1914 ndi mu 1939. Masiku ano anthu osunga zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America amaugula ndi kuugulitsa, ndipo chifukwa cha ndalama zimene zimayenda pa malondawa, mitanda yachinyengo yadzaza msika. Akatswiri amaweruza mendulo poyang'ana zinthu zinayi: kapangidwe ka chitsulo, zizindikiro za wopanga, nsalu imene mendulo yapachikidwapo, ndi kugwirizana kwa zonsezi ndi mbiri.

Chaka ndi maonekedwe

Mtanda wa 1914 uli ndi chisoti chachifumu pamwamba, chilembo cha W pakati, choimira mfumu Wilhelm II, ndi chaka cha 1914 pansi. Kumbuyo kwa mtanda wa gulu lachiwiri kuli zilembo FW, masamba a mtengo wa oak ndi chaka cha 1813. Riboni yake ndi yakuda yokhala ndi mizere yoyera. Mtanda wa 1939 uli ndi chizindikiro cha swastika pakati, ndipo riboni yake ndi yofiira pakati, yoyera ndi yakuda m'mbali. Wa gulu lachiwiri umapachikidwa pa riboni kudzera m'kamphete, pomwe wa gulu loyamba uli ndi phini kumbuyo ndipo unkabayidwa pachifuwa cha kumanzere.

Kuchuluka kwa mitanda imene inaperekedwa kumatsogolera mtengo, ndipo mtengo ndi umene umakopa onyenga. Pa nkhondo ya 1914 mitanda ya gulu lachiwiri inaperekedwa m'mamiliyoni, motero yeniyeni siivuta kupeza. Koma Ritterkreuz, mtanda wovala m'khosi umene unayamba mu 1939, unaperekedwa kwa anthu pafupifupi 7,300 okha. Ukapezeka pa msika pa mtengo wotsika, akatswiri amayamba ndi kuukayikira asanaugwire n'komwe.

Kapangidwe ka chitsulo

Mtanda weniweni unkapangidwa ndi zidutswa zitatu. Pakati pali chitsulo chopakidwa utoto wakuda, ndipo mkombero ndi mbali ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, zimene ankaziwotcherera pamodzi zitapana chitsulocho. Woyang'ana m'mphepete ndi galasi lokulitsa zinthu amaona kamzere kopyapyala pamene mbali ziwirizo zinakumana. Mitanda yambiri yachinyengo ndi chidutswa chimodzi chothiridwa m'chikombole, ndipo utoto wake umakwera mpaka pa timikanda ta mkombero, chifukwa wopaka analibe njira yopakira chapakati pachokha.

Maginito ndi chida choyamba chimene ambiri amatulutsa, popeza chitsulo cha pakati chimakokedwa. Komabe maginito payekha sagamula mlandu. Makampani ena ankagwiritsa ntchito mkuwa kapena zinki m'malo mwa chitsulo, ndipo onyenga a masiku ano amapanganso mitanda ya zidutswa zitatu yokokedwa ndi maginito. Chimene chimawavuta ndi kuthwa kwa zojambula. Mkombero weniweni ankaudinda ndi makina amphamvu pa chikombole chachitsulo cholimba, choncho timikanda take timakhala tofanana, ndipo manambala a chaka amakhala ndi ngodya zakuthwa. Mendulo yopangidwa pothira chitsulo chosungunula imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono, zilembo zofota, ndipo imachepako pang'ono chifukwa chitsulo chimanyala chikamazizira. N'chifukwa chake sikelo ndi chida choyezera mamilimita sizisowa pa tebulo la katswiri. Mtanda wa 1939 wa gulu lachiwiri umakhala wa mamilimita pafupifupi 44 m'lifupi.

Chikombole chilichonse chinkatha ndi ntchito. Chikang'ambika pang'ono kapena kukumbika, chilemacho chinkaonekera pa mendulo iliyonse yotuluka m'menemo, monga chidindo cha chala chimaonekera pa pepala lililonse limene mwini wake wadinda. Ofufuza anasonkhanitsa zithunzi za zilema zimenezi kampani ndi kampani, ndipo kufananitsa mendulo yokayikitsa ndi ina yotsimikizika ya kampani yomweyo ndiyo njira yodalirika kuposa zonse.

Manambala a opanga

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse panali mitundu iwiri ya manambala. Ofesi ya Präsidialkanzlei, imene inkayang'anira mamendulo operekedwa ndi boma, inapatsa makampani manambala: 4 inali ya Steinhauer & Lück ku Lüdenscheid, 20 ya C.F. Zimmermann ku Pforzheim, 65 ya Klein & Quenzer ku Idar-Oberstein. Pa mtanda wa gulu lachiwiri nambalayo inkadindidwa pa kamphete ka riboni. Kunakhazikitsidwanso bungwe la LDO, loyang'anira mamendulo amene msilikali ankadzigulira yekha m'sitolo ngati apadera, ndipo manambala ake amayamba ndi chilembo L, monga L/12 ya C.E. Juncker ku Berlin ndi L/11 ya Wilhelm Deumer.

Nambala imathandiza ikagwirizana ndi zina zonse. Mitanda yambiri yeniyeni, makamaka ya kumayambiriro kwa nkhondo, ilibe nambala, pomwe kudinda nambala pa kamphete ndi ntchito yophweka kwa wonyenga. Mtanda wodindidwa 65 koma mkombero wake ndi kalembedwe ka 1939 zosafanana ndi za Klein & Quenzer umadzitsutsa wokha.

Palinso gulu lovuta la zopangidwa nkhondo itatha. Asilikali a mayiko amene anapambana ankafuna zikumbutso zopita nazo kwawo, ndipo makampani ena anapitiriza kudinda pogwiritsa ntchito zikombole ndi zidutswa zotsalira. Mamendulo amenewa amafanana kwambiri ndi a nthawi ya nkhondo, koma amasiyana pa mtundu wa phini, kawotchereredwe ndi utoto. Ndi osiyananso ndi mamendulo a 1957. M'chaka chimenecho West Germany inakhazikitsa lamulo lolola asilikali akale kuvala mamendulo awo swastika atachotsedwapo, ndipo pa Mtanda wa Chitsulo anaikapo masamba a oak. Amenewa ndi ovomerezeka ndipo ali ndi mbiri yawoyawo.

Riboni ndi mzere wa mamendulo

Pa zikondwerero, msilikali ankavala mamendulo ake onse pa mzere umodzi wotchedwa Ordensspange. Telala ankapinda maliboni pa kachitsulo kapyapyala, n'kusokerera mendulo iliyonse pamalo pake, kumbuyo n'kuphimba ndi nsalu yaubweya ndi kuikako phini yaitali. Mzere wotere umagulidwa modula kuposa mamendulo omwewo atakhala paokhapaokha, choncho onyenga amatolera mamendulo enieni otsika mtengo n'kuwasokera pamodzi ngati a munthu mmodzi.

Nsalu ndiyo imayamba kuulula. Nsalu ndi ulusi wamakono nthawi zambiri zimakhala ndi mankhwala oyeretsa amene amawala mobiriwira ngati thambo akaunikidwa ndi nyale ya UV mumdima, pomwe riboni yakale siwala choncho. Apanso pamafunika kusamala, chifukwa riboni yakale yochapidwa ndi sopo waufa wamakono imathanso kuwala. Dothi ndi kusuluka ziyenera kukhala pamene nzeru ikuyembekezera: kunja kwa riboni kumasuluka ndi dzuwa, m'mapindo mkati mtundu umakhalabe wowala, ndipo pansi pa mendulo pamatsala chithunzi chake pa nsalu. Mzere umene wathimbirira mofanana paliponse, kapena umene kumbuyo kwake kuli mabowo a singano opanda ulusi, unakonzedwa kapena kusinthidwa.

Kenaka pamabwera funso la mbiri: kodi munthu mmodzi akanalandira zonsezi? Mamendulo ankasanjidwa motsatira lamulo, ndipo pa yunifolomu Mtanda wa Chitsulo unkakhala koyambirira. Mendulo yokumbukira nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene Paul von Hindenburg anaikhazikitsa mu 1934, singapezeke pa mzere wosokedwa mu 1920. Mendulo ya nkhondo ya m'nyengo yozizira ku Russia inayamba mu 1942. Msilikali amene analandira Mtanda wa Chitsulo wa 1914 n'kudzapambananso pa nkhondo yachiwiri sankapatsidwa mtanda wina, koma kachizindikiro ka chiwombankhanga kolembedwa 1939 kobayidwa pa riboni yakaleyo. Mzere wokhala ndi mitanda yonse iwiri moyandikana umasemphana ndi lamulo limeneli.

Zikalata ndi malamulo

Mtanda wa Chitsulo unkaperekedwa wopanda dzina la wolandira. Apa umasiyana ndi mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba, monga amene asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland analandira, omwe ali ndi dzina, nambala ndi gulu la msilikali m'mphepete mwake. Chomangiriza mtanda wa ku Germany kwa mwini wake ndi pepala: chikalata cha mphoto, kapena zolembedwa m'mabuku a msilikali otchedwa Soldbuch ndi Wehrpass. Zikalatazi nazonso zimapekedwa, motero tsiku, gulu la nkhondo, chidindo ndi siginecha ya mkulu wa asilikali ziyenera kugwirizana ndi kumene gululo linali pa nthawiyo. Nkhani yapakamwa ya wogulitsa, yakuti mendulo inachokera kwa agogo a uje, siiwerengedwa ngati umboni.

Mamendulo a 1939 ali ndi chizindikiro cha ulamuliro umene unapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri. Ku Germany, gawo 86a la malamulo a milandu limaletsa kuonetsa swastika pagulu, kupatula pa maphunziro, kafukufuku, zaluso ndi kufotokoza mbiri, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa amaphimba chizindikirocho pa zithunzi zawo. Austria nayonso ili ndi malamulo okhwima pa nkhaniyi. Nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi ofufuza amasunga mamendulowa ngati umboni wa zimene zinachitika, ndipo umboni umagwira ntchito ukakhala woona. Mendulo yachinyengo ikalowa m'buku kapena m'chionetsero, imasocheretsa aliyense amene adzaigwiritse ntchito poyezera ina, choncho kuyesa mosamala kumateteza mbiri pamodzi ndi thumba la wogula.