Kakonzedwe ka khitchini ku Mlangeni

Kakonzedwe ka khitchini ndi kusankha malo a moto, madzi, chakudya ndi ziwiya m'nyumba yophikira kuti ntchito iziyenda mosavuta ndiponso utsi uzituluka. Nkhaniyi ikufotokoza za makomo a ku Mlangeni m'boma la Ntcheu, makamaka pamene banja likukonzanso khitchini yakale. Zosankha zazikulu zimachitika mmisiri asanayambe ntchito, chifukwa khomo, zenera ndi chumuni zikamangidwa pamalo olakwika, kuzisuntha kumafuna kugumula khoma ndi kugulanso simenti.

Malo ndi nyengo

Mlangeni ali m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Ntcheu ndi Dedza, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Derali ndi lokwera ndipo kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Nyengo imeneyi anthu amaothera moto m'khitchini atatseka chitseko, choncho utsi umadzaza m'kati. Mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo nkhuni zosiyidwa pabwalo zimanyowa n'kumafuka kwambiri. Alimi a kuno amakolola chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, ndipo zina mwa zokololazi zimafuna malo ozisungira pafupi ndi pophikira.

Khitchini yapadera ndi ya m'nyumba

Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. N'chifukwa chake pamakomo ambiri khitchini imakhala kanyumba kapadera kuseri kwa nyumba yaikulu. Ubwino wake ndi wakuti utsi ndi mwaye sizifika kuchipinda chogona, ndipo moto ukabuka sufulumira kugwira nyumba yonse. Khitchini ya m'nyumba imayenera banja lophikira magetsi a ESCOM kapena gasi. Mabanja ena amakhala ndi zonse ziwiri, poti magetsi amathima, komanso nyemba zimene zimatenga nthawi kupsa zimadya mayunitsi ambiri.

Khitchini yapadera imamangidwa pafupi ndi khomo la kuseri kuti wonyamula chakudya asayende mtunda wautali pamvula, koma kutali ndi chimbudzi, khola ndi dzenje la zinyalala chifukwa cha ntchentche.

Malo atatu ogwirira ntchito

Kuganizira mayendedwe a wophika pomanga khitchini kunayamba kulembedwa ku Ulaya ndi ku America. Mu 1926 katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Austria, Margarete Schütte-Lihotzky, anakonza khitchini yaing'ono ya nyumba za mumzinda wa Frankfurt ku Germany atawerenga masitepe amene wophika amayenda. M'zaka za m'ma 1940 akatswiri a pa University of Illinois anafalitsa mfundo yakuti chophikira, sinki ndi firiji ziziyang'anizana ngati ngodya zitatu. Malangizo ake amati mtunda wa pakati pa ziwiri zilizonse ukhale mamita 1.2 mpaka 2.7.

Pakhomo lopanda mpopi ndi firiji mfundoyi imagwirabe ntchito, kungoti ngodya zake ndi moto, ndowa kapena mtsuko wa madzi, ndi malo a ufa ndi ndiwo. Madzi amaikidwa pafupi ndi khomo, kuti wochokera kumjigo atule ndowa asanafike pamoto, ndiponso mwana wofuna kumwa asadutse pafupi ndi poto wowira. Moto umakhala cha kukhoma la mkati, pomwe si panjira. Ufa, mchere ndi mafuta zimakhala poti wophika atha kuzifikira osasiya poto nthawi yaitali.

Pophikira

Mafuwa atatu ndiwo pophikira pakale, ndipo amalandira mphika wa msinkhu uliwonse, koma kutentha kwambiri kumathawira m'mbali. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo n'kuwotchedwa, imasunga kutentha, imadya nkhuni zochepa ndipo imanyamulika. Inafala kwambiri pamene boma linakhazikitsa cholinga chakuti mbaula zamakono 2 miliyoni zifike m'makomo pofika mu 2020. Palinso mbaula zomangidwa pakhoma ndi njerwa ndi dothi, monga Changu Changu Moto imene bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay. Mbaula yomangira pakhoma siisunthika, choncho malo ake amasankhidwa pansi pasanaikidwe simenti.

Msinkhu wa pophikira umatsata kaphikidwe ka nsima. M'makhitchini a ku Ulaya tebulo lokonzerapo chakudya limakhala lalitali pafupifupi masentimita 90. Msinkhu umenewu ndi wabwino podulirapo ndiwo, koma poto wamkulu wa nsima akakhala pamenepo wophika amavutika kuvundula ndi mthiko, ndipo potoyo atha kugubuduka. Pa chifukwa chimenechi pophikira nsima pamakhala pafupi ndi pansi ndiponso polimba, pamene thebulo lodulirapo limakwezedwa.

Utsi ndi mpweya

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 anthu oposa 3 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba, monga chibayo ndi matenda a mtima. Amayi ndi ana aang'ono, amene amakhalitsa pamoto, ndiwo amaupuma kwambiri. Utsi wotentha umakwera m'mwamba, choncho potulukira pake pamafunika kukhala pamwamba pa khoma la kumoto: zenera, njerwa zosiyidwa mipata, kapena mpata pakati pa khoma ndi denga. Mpweya wabwino umalowera pakhomo kapena pazenera la khoma linalo. Khitchini yofolera udzu imatulutsa utsi pang'onopang'ono kudzera m'dengamo, koma malata satero. Banja limene likuchotsa udzu n'kukhoma malata liyenera kuwonjezera potulukira utsi nthawi yomweyo.

Makala ndi oopsa mwa njira ina. Amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, ndipo umapha anthu ogona m'chipinda chotseka chomwe muli mbaula yoyaka.

Posungira zinthu

Matumba a ufa ndi chimanga amaikidwa pa matabwa okwezedwa, osagunda khoma, kuopa chinyezi ndi makoswe. Mbatata ya kachewere imafuna malo amdima, ozizira ndi opita mphepo. Ikakhala powala imasanduka yobiriwira, ndipo mbali yobiriwirayo ili ndi poizoni. Nsanja ya pamwamba pa moto imagwiritsidwa ntchito poumitsa chimanga cha mbewu, poti utsi umathamangitsa anankafumbwe. Nkhuni zimasungidwa pakhonde lofoleredwa, osati pafupi ndi moto. Feteleza, parafini ndi mankhwala opopera mbewu siziyenera kusungidwa m'khitchini. Thandala la mbale limamangidwa panja poomba dzuwa, ndipo pansi pake pamathiridwa miyala kuti madzi asadikhe.

Ndondomeko ya ntchito

Asanaitane mmisiri, eni nyumba amayeza chipindacho n'kujambula pansi ndi khala kapena choko malo a moto, madzi ndi thebulo. Amene amaphika tsiku ndi tsiku ndiye woyenera kuyendamo ndi kunena pamene pakupanikiza. Kenaka ntchito imayambira padenga ndi makoma, n'kubwera mapaipi ndi mawaya ngati alipo, kenaka pulasitala ndi pansi, ndipo mashelefu amakhala omalizira. Mawaya amaikidwa ndi wamagetsi wovomerezeka, ndipo masoketi amatalikirana ndi madzi. Simenti ya pansi imatsetserekera pang'ono kukhomo kuti madzi okolopera azituluka okha. Ntchito yotere imayenda bwino m'chilimwe, pamene njerwa zimauma msanga ndipo banja litha kuphikira panja masiku omangawo.