Kukonzanso pakati pa Chipata kuyambire pa ngalande ndi pamsika

Pa 24 February 2017, kutatsala tsiku limodzi kuti Angoni asonkhane ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti Chipata tsopano ndi mzinda. Unakhala wachisanu m'dziko la Zambia, kutsatira Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Anthu anavina, khonsolo inasintha dzina, ndipo ambiri anayembekezera kuti pakati pa tauni pasinthanso maonekedwe.

Zina zasinthadi. Masitolo akuluakulu, mabanki ndi malo omwetsera mafuta achuluka m'mbali mwa Umodzi Highway. Koma amene wayendapo wapansi kuchokera ku Down Shops kupita ku Saturday Market m'mawa wa Loweruka akudziwa kuti mseu umodzi ukulimbiranidwa ndi malole a katundu, mamini basi, njinga zamoto, njinga zakapalasa zonyamula makala ndi matumba a nshawa, ana asukulu, ndi amayi osenza madengu a tomato. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka chokhalira pamenepo. Vuto n'lakuti tauniyo sanaiyalire anthu ochuluka chotere.

Azungu a kampani ya British South Africa Company anamanga Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, ndipo inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Inali tauni ya maofesi a boma, nyumba za azungu ochepa ndi masitolo a amwenye. Munthu wakuda ankabwera kudzagwira ntchito kapena kudzagula, madzulo n'kumabwerera kwawo. Lero, malinga ndi kalembera wa 2022, boma la Chipata lili ndi anthu oposa 300,000, ngakhale kuti Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa mu 2018 n'kukhala maboma paokha. Anthu a maboma awiriwo sanasiye kubwera ku Chipata. Amadzagulabe feteleza kuno, amadzagulitsa soya kuno, odwala awo amatumizidwa ku Chipata Central Hospital.

Lamulo lilipo, ndipo ndi labwino. La Urban and Regional Planning Act la 2015 limalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi pulani ya chitukuko yophatikiza zonse, imene akumaofesi amangoitchula kuti IDP, komanso mapulani ang'onoang'ono a dera lililonse. Limanenanso poyera kuti anthu afunsidwe pulani isanavomerezedwe. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa makomiti a chitukuko m'mawadi kuti mawu a anthu wamba azifika kwa makhansala. Funso langa ndi lakuti: amafunsidwa ndani? Msonkhano wa ku holo Lachitatu m'mawa umadzaza ndi a mabungwe ndi eni mabizinesi akuluakulu. Mayi wogulitsa kapenta sangasiye tebulo lake nthawi imeneyo, chifukwa ndiwo za madzulo zili pa tebulo pomwepo. Komatu ndi iyeyo amene amakhala pakati pa tauni kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo akudziwa bwino pamene madzi amadikha mvula ikagwa.

Nkhani ya ogulitsa m'mbali mwa misewu ndiyo imavuta kwambiri. Kolera itabuka ku Lusaka kumapeto kwa 2017, boma linakhwimitsa malamulo oletsa malonda a m'misewu mu 2018, ndipo mliri wina wa 2023 mpaka 2024 unakumbutsanso aliyense kuti uve umapha. Palibe amene angatsutse zimenezo. Koma m'matauni ambiri a Zambia taona zomwezomwezo zikubwerezedwa: ogulitsa athamangitsidwa lero, pakapita milungu ingapo abwerera. Sabwerera chifukwa cha mwano. Malonda amatsata mapazi a anthu, ndipo wogulitsa ukamuika kumalo kumene wogula safikako, wamulanda chakudya. Pulani yabwino imayamba ndi kuwerenga kuti ogulitsa alipo angati, akugulitsa chiyani, anthu amatsikira pati basi, kenaka n'kuika mashedi, mipopi, zimbudzi ndi motayamo zinyalala pomwepo. Wogulitsa amapereka msonkho wa pamsika mosanyinyirika akaona chimbudzi chaukhondo ndi denga losadontha. Akapanda kuziona, amayamba kufunsa kumene ndalama yake ikupita, ndipo ali ndi ufulu wofunsa.

Chinthu chimodzi chinayenda bwino. Boma litasintha mu 2021, linaletsa makada a zipani kutolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni a basi, n'kubwezera ntchitoyo ku makhonsolo, monga mmene lamulo la misika ndi masiteshoni la 2007 limanenera. Ndalama imeneyo iyenera kuoneka pa msika wa Kapata ndi pa Saturday Market, osathera m'malipiro a kuofesi okha.

Tsopano tikweze maso kumapiri. Chipata ili m'chigwa, yazunguliridwa ndi mapiri monga Kanjala, ndipo madzi onse a mvula amatsetserekera m'tauni ndi mumtsinje wa Lunkhwakwa. Mitengo ya m'mapirimo yadulidwa kwambiri chifukwa cha nkhuni ndi makala, anthu akuphwanya miyala yogulitsa, ndipo nyumba zikukwera chaka ndi chaka kumalo otsetsereka. Kale mitengo ndi udzu zinkagwira madzi kuti alowe pansi pang'onopang'ono. Lero amatsika mwaukali atanyamula mchenga, miyala ndi mapulasitiki, n'kutseka ngalande. Ngalande ikatsekeka, madzi amadutsa pamwamba pa mseu, phula limang'ambika, ndipo zithaphwi zimaima pafupi ndi pogulitsira chakudya. Kuthira phula latsopano pakati pa tauni osasamala za mapiri kuli ngati kuzira m'nyumba denga likudontha. Dothi lokokoloka limakathera m'madamu monga la Lutembwe, amene mzindawu umadalira pa madzi akumwa, kotero nkhani ya phiri imafika mpaka pa mpopi wa m'nyumba.

Anthu a ku Mchini, Nabvutika ndi Magazine sitingawaiwale pamenepa. Makomboni amenewa ndiwo amapereka ogulitsa, amisiri ndi oyendetsa njinga amene amadzaza tauni masana. Lamulo la 2015 lija limalola khonsolo kuvomereza komboni kuti ikonzedwe, n'kupereka kwa okhalamo chilolezo chokhala pamalopo cha zaka 30. Munthu wokhala ndi pepala m'manja amamanga mosaopa, ndipo khonsolo imapeza njira yodutsitsa mseu ndi mapaipi.

Palinso malole. Chipata ili pa mseu wa Great East, makilomita oposa 550 kuchokera ku Lusaka, ndipo malire a Mwami ali pafupi. Mu December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera wa Malawi anatsegula malo amodzi ochitira za kasitomu pa Mwami ndi Mchinji kuti katundu azidutsa msanga. Njanji ya Chipata mpaka Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010, sinachotse katundu wambiri pamseu monga mmene anthu ankayembekezera. Zotsatira zake n'zakuti malole olemera akupitabe pakati penipeni pa anthu. Mseu wolambalala tauni ndi malo oimikapo malole ndi zinthu zodula, zosatheka ndi thumba la khonsolo yokha, koma malo ake ayenera kusungidwa lero, mapuloti asanagawidwe. Malo ambiri ozungulira mzinda ali m'manja mwa mafumu, pansi pa Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndipo lamulo limalola khonsolo ndi mafumu kupangana za kayalidwe ka malo oterowo. Kukambirana kumeneko kukachedwa, tidzagwetsa nyumba za anthu kuti tipeze podutsa mseu.

Ndalama si zokwanira, koma ziliko kuposa kale. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Chipata Central ndi Luangeni onse amalandira. Gawo lina limapita ku sukulu, zipatala, ngongole ndi maphunziro a achinyamata, ndipo m'pomveka. Komabe shedi ya pamsika, chimbudzi, ngalande ndi njira ya oyenda pansi ndi ntchito zimene thumbali lingakwanitse, anthu a m'mawadi akazipempha mwamphamvu. Ndale za kuno zinaonetsa kale kuti ovota a Chipata amatha kusankha okha: mu 2021 anapereka umeya kwa George Mwanza, wachinyamata amene anaima payekha popanda chipani.

Kwa makhansala ndi akatswiri a mapulani ku Civic Centre, pempho ndi lakuti mapu a tauni atuluke mu ofesi. Akapachikidwe pa Kapata, pa Saturday Market ndi pa siteshoni ya basi, afotokozedwe m'Chinyanja, ndipo misonkhano ichitike pa nthawi imene wogulitsa angathe kufikapo. Nanu a m'mawadi, funsani khansala wanu kuti ngalande ya m'dera lanu ili pa tsamba liti la pulani, ndipo ntchito yake iyamba chaka chiti.